Funsani za Ntchito: Logo inatambasuka pa sikirini ya muholo

FUNSO: Ndimapanga zithunzi zoyenda pa pulogalamu ya pakompyuta ya After Effects. Kampani ina inandipatsa ntchito yokonza kanema wotsegulira msonkhano wa antchito ake. Pa laputopu zonse zinali bwinobwino, koma ataonetsa pa sikirini yayikulu ya LED, logo inatambasuka ngati mphira, zilembo nazo zili mbuu. Chinavuta n'chiyani?

YANKHO: Pepani kwambiri, zimapweteka ntchito yochezera usiku ikaoneka choncho pamaso pa mabwana. Ndikukhulupirira kuti munapanga kanemayo pa mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 1920 x 1080, muyezo wa 16:9 umene tinauzolowera. Sikirini za LED amazimanga polumikiza timagawo, ndiye zambiri zimatalika m'mbali kuposa pamenepo, ndipo makina amangokoka chithunzi kuti chidzaze.

Musanagwire mbewa ya kompyuta n'komwe, funsani eni sikirini kuti ili ndi mapikiselo angati m'litali ndi m'lifupi, ndipo composition yanu (bwalo lokonzerapo kanema mu After Effects) ikhale ya muyezo womwewo. Afunseninso mtundu wa fayilo, chifukwa ena amafuna MP4 ya H.264, ena ProRes.

Pa logo ndimaumirira kwambiri. Musalandire JPEG yotumizidwa pa WhatsApp, imafika itafinyidwa kale. Pemphani fayilo ya AI (ya pulogalamu ya Adobe Illustrator) kapena EPS, kenako mu After Effects muyatse kabatani ka Continuously Rasterize kuti isachite mbuu mukaikulitsa. Zilembo zowonda zisiyeni, wokhala kumbuyo sangaziwerenge.

Ndipo pitani kuholoko kutatsala tsiku limodzi kuti msonkhano uchitike, mukaone kanemayo muli pampando wakumbuyo kwenikweni.