Nyenyezi zachikasu pa Google: yankho kwa mayi a ku Mchinji

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene ali ndi nyumba yogona alendo pa boma la Mchinji. Ambiri mwa alendo awo ndi amalonda opita ndi kubwera ku Chipata. Amapanganso chiponde cha m'mabotolo, chimene amachitsatsa pa webusaiti yomweyo. Anafunsa motere: "Ndikasaka pa Google, masamba ena amabwera ndi nyenyezi zachikasu pansi pa dzina. Mnyamata amene anandipangira webusaiti akuti ndimuwonjezere ndalama kuti aike schema, nanenso ndikhale nazo. Kodi ndimupatse?"

Mayi, musafulumire kumasula kansalu. Mnyamatayo sakunama, koma pali mbali ina imene mwina sakuidziwa, ndipo ndi mbali yokhudza nyumba yanu ya alendoyo.

Tiyambe ndi schema. Mukudziwa kuti belo la fodya likamapita ku okushoni limakhala ndi tikiti yonena mwini wake ndi kulemera kwake, kuti wolandira asavutike kufunsa. Schema ndi tikiti yotero, yomatidwa mkati mwa tsamba, moti mlendo saiona koma makina a Google amaiwerenga. Imawauza kuti ichi ndi chiponde, anthu akuti achiyamikira, ndipo achipatsa nyenyezi zakuti pa zisanu. Mawu olembera tikitiyi ali pa schema.org, imene Google, Bing ndi Yahoo anakhazikitsa limodzi mu 2011. Ndemanga ya munthu mmodzi imatchedwa Review, pamene chiwerengero chophatikiza ndemanga zonse ndi AggregateRating. Kalembedwe kamene Google imalimbikitsa ndi JSON-LD, ndipo kwa munthu wodziwa ntchito yake si chinthu chotha masiku.

Tsono nayi nkhani. Mu September 2019 Google inasiya kuonetsa nyenyezi za bizinesi imene ikudziikira yokha ndemanga pa webusaiti yake. Lamuloli likukhudza zimene schema imatcha LocalBusiness (bizinesi ya m'dera) ndi Organization (bungwe), ndipo nyumba yogona alendo ili m'gulu loyambalo. Ngakhale ndemangazo zikhale zoona, zolembedwa ndi alendo enieni amene anagona kwanu, ngakhale muzitenge pa tsamba lina n'kuziika pa lanu, nyenyezi sizituluka. Ine ndimagwirizana nalo lamuloli. Mwini nyumba ndiye amasankha ndemanga zoti ziikidwe, ndipo ndani angaike ya mlendo amene anadandaula kuti madzi osamba anali ozizira? Fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi. Choncho mukalipira kuti nyenyezi zioneke pa dzina la nyumbayo, ndalama yanu yalowa m'madzi.

Nanga nyenyezi zimene mumaziona pa malo ogona a anzanu zimachokera kuti? Kawirikawiri ndi za pa Google Maps, kapena za masamba ngati Tripadvisor ndi Booking.com amene amasonkhanitsa ndemanga za mabizinesi a anthu ena. Za pa Maps sizifuna schema n'komwe. Mutsegule Google Business Profile, akaunti imene imaonetsa bizinesi yanu pa Maps, ndi yaulere, muikepo malo enieni a nyumbayo, zithunzi ndi nthawi imene mumalandira alendo. Kenako mlendo akamabweza kiyi m'mawa, mumupemphe mwaulemu kuti alembe mmene wagonera. Ambiri foni amakhala nayo m'manja. Wodandaula mumuyankhe modekha pomwepo, chifukwa dalaivala wa thiraki amene akufuna pogona usiku amawerenga yankho lanu kuposa kuwerenga nyenyezi.

Chiponde chanu ndiye nkhani ina, ndipo apa mnyamatayo angakuthandizeni. Katundu wogulitsa, amene schema imamutcha Product, amaloledwa kukhala ndi nyenyezi ngakhale pa webusaiti ya wogulitsayo. Chipondecho chikhale ndi tsamba lakelake, osati kusakanikirana ndi zipinda. Pakhale malo oti ogula azilembapo okha. Ndemanga iliyonse imene yalembedwa mu schema izionekanso pa tsambalo kwa aliyense wowerenga, pamodzi ndi dzina la wolemba. Ngati alemba anthu asanu ndi mmodzi, schema inene anthu asanu ndi mmodzi.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa ndaonapo achinyamata ena akungolemba nyenyezi zisanu ndi anthu mazana pa tsamba lopanda ndemanga ndi imodzi yomwe. Zimandiwawa, chifukwa wovulala ndi mwini bizinesi amene sakudziwa chimene chalembedwa m'dzina lake. Google ikazindikira imatha kulanga webusaitiyo poichotsera nyenyezi, ndipo uthenga wa chilangocho umabwera mu Search Console, momwe Google imadziwitsira mwini webusaiti za mmene tsamba lake likuyendera.

Musanalipire, mumuuze mnyamatayo kuti atsegule Rich Results Test, chida cha Google choyesera schema, inu muli pomwepo, aikemo adiresi ya tsamba la chiponde, muone limodzi ngati palibe cholakwika. Nacho n'chaulere. Koma mugwirizane kuti mukulipira ntchito yolemba schema bwino, osati nyenyezi, pakuti Google imanena yokha kuti silonjeza kuzionetsa ngakhale zonse zili m'malo mwake. Schema payokha sikwezanso tsamba lanu pamwamba pa a anzanu.

Ndikanakhala ine, mwezi uno ndikanayamba ndi Business Profile ya nyumbayo. Za chiponde ndikanadikira kaye mpaka ogula angapo atalemba, kenako n'kumuitana mnyamatayo.