Kwa mtsikana wa Fomu 3 amene wayambana ndi mnzake

Mng'ono wanga, ndawerenga zonse zimene walemba pa gulu lino popempha malangizo. Iwe ndi mnzako mwakulira limodzi ku Chitakale, m'boma la Mulanje, kuyambira Sitandade 1. Anakuuza chinsinsi cha kwawo, ndiye tsiku limene munakangana za kope la Biology unapsa mtima n'kuchiika pa status. Pano patha milungu itatu mukungodutsana ngati alendo, ndipo ukufunsa ngati chinzake chingabwerere.

Chingabwerere, koma osati pa foni. Ambiri muno akuti umutumizire uthenga wopepesa. Ine ndikukana. Uthenga anthu amaujambula n'kuuponya pa gulu la WhatsApp la kalasi, kupepesa kwako n'kusanduka nkhani yoseketsa pa buleki. Usatumenso munthu. Atsikana oyenda uku ndi uku ndi "akuti wanena zakuti" aja ndi amene akusonkhezera mkanganowu.

Mupeze ali yekha. Kaya poweruka panjira yodutsa m'minda ya tiyi, kaya Loweruka akamachapa kumtsinje. Ukamupeza akuchapa, tola chovala chimodzi uyambe kutsukuluza naye. Manja akatanganidwa simuyang'anana m'maso, ndipo mawu savuta kutuluka. Cholakwacho uchitchule mosazungulira: "Unandiuza za kwanu chifukwa unkandikhulupirira, ine ndinaulula. Ndinalakwa." Ukatero khala chete. Mawu akuti "komatu nawenso" uwameze, ngakhale akuyabwe pakhosi. Za kope zija mudzakamba tsiku lina.

Chimene ndikufuna umvetse ndi ichi: mnzakoyo sakulirira kope. Kwathu kuno anthu timadziwana. Mayi ake mwina amathyola tiyi pamodzi ndi amayi a ana amene anawerenga status yakoyo, kapena amayala nanazi pamsewu moyandikana nawo. Status imafufutika pakatha maola 24, koma manyazi anafika kale mpaka pakhomo pawo, ndipo madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake kupepesa kwa kumtsinje pakokha sikukwanira. Unamuchititsa manyazi pagulu, umuteteze pagulu pomwepo. Wina akaiyambitsa nkhaniyo m'kalasi, uyankhe mokweza kuti, "Isiyeni, amene analakwa ndine." Zimenezo zidzamufika pamtima kuposa tchipisi chilichonse chimene ungamugulire. Ngati makolo ake anamva, uwauze mayi ako kapena azakhali mupitire limodzi kwawo. Ndikudziwa kuti zimenezi n'zowawa, udzakalipidwa, koma nkhani yofika kwa akuluakulu mwana saimaliza yekha.

Akhoza kukukana. Akhoza kungoti "ndamva" n'kusenza beseni lake n'kumapita. Usamuthamangire, ndipo usakadandaulenso pa Facebook kuti ndi wouma mtima. Uzimupatsa moni m'mawa uliwonse, ayankhe asayankhe. Akajomba, mukopere manotsi. Chaka chamawa muli ndi MSCE, mudzafunana. Akabwerera, usadabwe akamakubisira zina kwa kanthawi.

Chinanso chimene chikundidetsa nkhawa. Sunanene kuti chinsinsicho chinali chotani, ndipo usachinene muno. Koma ngati chikukhudza nkhanza zimene akuchitiridwa, kapena waona kuti wasiya kubwera kusukulu chifukwa chosekedwa, kapena akulankhula zodzivulaza, usadikire kuti mugwirizane kaye. Uwauze aphunzitsi aakazi amene umawakhulupirira kapena amayi a Mother Group, apo ayi imba 116. Ndi nambala yaulere ya Tithandizane imene a YONECO amayendetsa, ndipo ngakhale foni ilibe mayunitsi imalowa.