Joni, Cape Town kapena Lusaka: yankho kwa achimwene a ku Lizulu

Achimwene, mwafunsa mzinda woti mukakhazikike n'kupezako wachikondi pakati pa Johannesburg, Cape Town ndi Lusaka. Ine kwathu ndi kwa Kachindamoto, ndipo ku Joni ndinakhalako zaka 6.

Yambani mwaganizira za mapepala. Pasipoti yathu imakupatsani masiku 30 okha ku South Africa, ndipo ndi ocheza, osati ogwirira ntchito. Akatha, moyo umakhala wozembazemba. Ndimakumbukira ndikutuluka mu shopu ndi buledi m'manja, galimoto ya apolisi itaima kutsogolo, miyendo njenjenje. Munthu wotere angamange banja bwanji mtima uli m'malo? Komanso pa zipolowe zodana ndi alendo za 2015 anzanga ena anabwerera kumudzi pa basi chimanjamanja.

Nkhani ya chikondi ndiye musaitenge mopepuka. Kwathu tinazolowera kutuma ankhoswe, mwamuna n'kukakhala chikamwini. Mukakonda mtsikana wachizulu, abale ake adzatchula lobola, nthawi zambiri mtengo wa ng'ombe 11, ndipo adzafuna kuona amalume anu ndi maso. Mudzawanyamula kuchokera ku Ntcheu?

Ku Cape Town lendi ndi yokwera, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira ngati ku Dedza, kuwonjezapo mvula.

Mtima wanga uli pa Lusaka. Ndalama sizichuluka ngati ku Joni, koma mumsika mumalankhula Chinyanja, apongozi anu mudzamvana nawo popanda womasulira. Kukagwa zovuta kumudzi, mumakwera basi yodzera ku Chipata ndi Mchinji, mawa lake mwafika pa Lizulu.