Asuweni, makina savota

Eee, asuweni, mwaswera bwanji kumeneko ku Joni? Voisi yanu ija ndaimva. Ndinali kumpopi, netiweki inkangodukaduka, ndiye ndati ndiyankhe nditakhala pansi. Mwafunsa kuti, eti, lamulo latsopano la zisankho lija likuti makina a kampani ya Smartmatic ndi amene adzawerenge mavoti pa chisankho cha pa 16 September 2025? Ndi mmene mwafunsira. Koma inuyo asuweni, za malamulo mwayamba kuzikonda liti? Inu amene ngakhale chiphaso cha unzika tinachita kukukokerani pamzere ngati mbuzi yokana kumsika? Hehe, ayi, ine ndimakudziwani. Nkhani si makina. Nkhani ndi mnyamata wanu wamkuluyu, paja amulemba kuti akakhale monita kusenta kwathu kuja, ndiye mtima wanu uli m'mwamba. Mayi ake andiuza kale, musakane.

Chabwino, za makinazo ndinene pang'ono kuti musati sindinayankhe. Lamulo ndi la 2023, lija linaphatikiza malamulo a chisankho cha pulezidenti, cha aphungu ndi cha makhansala kukhala limodzi. Ndi limene linati polembetsa umboni ndi chiphaso cha unzika basi, za kalata ya amfumu zija zinatha. Makinawo anagwira ntchito pa kalembera, ndipo pa tsikulo ndi otsimikizira kuti amene wabwerayu ndi mwini dzina, kenako kutumizira zotsatira. Koma kuvota ndi papepala, kuchonga ndi dzanja, kuponya m'bokosi. Kuwerenganso ndi manja, pompo pasenta, anthu akuona. A bungwe loyendetsa zisankho la MEC anena kuti zotsatira ziziyenda njira ziwiri, pamakina komanso mafomu enieniwo kunyamulidwa. Zipani zotsutsa zakhala zikudandaula nawo makinawo, zikufuna akatswiri apadera awaunike, ndipo ineyo sindiwanena kuti akulakwa kufunsa, chinthu chogwira mavoti a anthu chimayenera kufunsidwa. Koma... tadikirani, mwana akugwetsa ndowa uko... iwe, tasiya zimenezo!... Eya, ndimati chiyani? Aaa, ndikuuzeni za amalume kaye.

Inu 2019 munali mutapita kale. Ayi, munali... eee, munali mutapita, chifukwa chinali chaka chotsatira nkhani ya ng'ombe ija, ndiye inu ndi amalume simunkayankhulana bwinobwino. Basi. Tsiku lovota linali 21 May. Amalume anali monita kupulayimale kuja. Munthu anadzuka nkhuku zisanalire, anavala jekete ija ya maliro ndi maukwati omwe, m'jumbo anaika mbatata yootcha, tochi, ndi kope la banki mkhonde la azakhali. Azakhali analifuna kopelo tsiku lonse, mpaka anakalipira ana osalakwa.

Nthawi imeneyo kuvota kunkatha 6 koloko madzulo, ndiye poyamba kuwerenga kunali kutada kale. M'kalasi muja, nyale imodzi patebulo, mapepala atawathira pa madesiki olumikiza. Kuzizira kwa May mukukudziwa. Mamonita anzawo, anyamatanyamata, anayamba kuzemba mmodzimmodzi. Wina akuti ndikadye ndibwera, wina wamva kuti ndalama zawo zikuperekedwa kwinakwake, wathamangira konko. Ena ankapempha kuti tisainiretu fomu tizipita, mudzalemba manambalawo pambuyo. Amalume anawayang'ana pamwamba pa magalasi aja omanga ndi ulusi, nkuwafunsa kuti, kodi kwanu mumasainira ndalama musanaziwerenge? Ndi aphunzitsi anzanga amene ankagwira ntchito pasentapo anandifotokozera, mpaka lero akamawaona amaseka.

Iwo anakhala. Pepala lililonse likakwezedwa m'mwamba, iwo tochi pomwepo, kuona pamene pachongedwa, nkukhwatcha kamzere m'kope muja. Pepala lina munthu anachonga pawiri, anakangana kaye mpaka onse anagwirizana kuti ndi voti yowonongeka. Atamaliza pulezidenti, kubwera aphungu, kubwera makhansala. Mbatata ija anagawana ndi wapolisi amene ankalondera pakhomo. Pofika posaina, amalume anatenga fomu, anafananiza ndi kope lake mzere ndi mzere, anawonkhetsa yekha, mavoti abwino, owonongeka, mapepala otsala, kuti zikwane ndi mapepala amene anabwera m'mawa. Zitakwana ndiye anasaina, nkunena kuti yanga mundipatse. Anawapatsa. Anafika kunyumba kukucha, azakhali atatupa, akuganiza kuti munthu wagona kokachasu kwa anzake aja a kutsidya. Iwo osayankha, angotulutsa pepala nkuliika m'Baibulo.

Ndiye mukudziwa zimene zinatsatira. Zotsatira zinatuluka kuti a Mutharika 38 peresenti ndi kanthu, a Chakwera 35, a Chilima 20. Nkhani ya Tippex nkubuka, mafomu ofufutidwafufutidwa, ena a dupuliketi, ena opanda siginecha. A Chilima ndi a Chakwera kukhothi. Mlandu unayamba August, ndipo unkaulutsidwa pawailesi, akumasulira m'Chichewa. Amalume miyezi yonseyo kumunda ankapita m'mawa kwambiri kuti abwerere msanga. Akhala pansi pa mango paja, wailesi pampando, Baibulo pamwendo. Akangomva maloya akutchula Form 66C, fomu ya zotsatira za pasenta ija, iwo atulutsa yawo, aiyang'ana, aibwezera. Ana ankawaseka kuti agogo akudikira kuitanidwa ku Lilongwe. Palibe anawaitana, ndipo kusenta kwathu manambala sanasinthe, amene analengezedwa ndi omwewo a m'kope. Koma ine ndinkawaona nkhope, munthu anali ndi mtendere umene ena tonse tinalibe. Ife tinkangoti kaya atibera kaya sanatibere. Iwo ankadziwa za pamalo pawo, chifukwa anaona ndi maso awo.

Pa 3 February 2020, majaji asanu aja, a Potani ndi anzawo, anawerenga chigamulo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Anafafaniza chisankho cha pulezidenti, nkulamula china pasanathe masiku 150. Ndi pomwenso ananena kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka, 50+1 imene mukuimvayi. Khothi la Supreme linavomereza mu May, tinakavotanso pa 23 June. Tsono asuweni, taganizani, majaji aja anagamula poona chiyani? Mapepala. Mafomu amene anthu anagwira m'manja nkubwera nawo. Pakanapanda anthu osunga mapepala awo, maloya akanaloza chiyani?

Ndiye apa ndi pamene ndimafuna kufika. Mnyamatayo msiyeni apite. Koma mumuuze izi: asachoke pasenta mpaka kuwerenga kuthe, asasaine fomu yopanda manambala kapena yofufutidwa, ndipo atenge pepala lake la zotsatira. Ndi ufulu wake monga monita, si kupempha chifundo ayi. Malamulo awakonza ndithu, ndipo ena awakonza bwino. Pano kuvota kuzitha 4 koloko masana, ndiye kuwerenga kuziyamba kukuwala, osati za nyale imodzi zija. Pakapanda wopitirira theka, tidzavotanso pasanathe masiku 60. Mwezi uno womwe wa August 2025 aphungu anaitanidwa mwadzidzidzi kukakonza kuti anthu ogwira ntchito pa tsikulo athe kuvotera komwe atumizidwa, ngakhale mnyamata wanuyo sizimukhudza poti analembetsa pomwepo. Zonsezo nzabwino. Koma lamulo lili ku Lilongwe m'buku, usiku umenewo m'kalasi muja mudzakhala anthu. Makina adzatumiza nambala imene munthu walowetsa. Nambalayo ikasiyana ndi ya papepala, adzadziwa ndani ngati monita anapita kukadya?

Ndikudziwa chimene chikukuopsani, zipolowe za 2019 zija munkaziona pa Facebook, matayala akuyaka m'misewu. Inenso ndine mayi, sindikunena mopepuka. Koma zija zinkachitika m'matauni zotsatira zitatuluka, osati pasenta pamene anthu akuwerenga. Pasenta pamakhala apolisi, ndipo kwathu kuja aliyense amadziwana, wa chipani ichi ndi wa chipani icho amapemphera tchalitchi chimodzi. Asavale zovala za chipani tsikulo, asakangane ndi munthu panja, akaona cholakwika auze woyang'anira senta kuti chilembedwe. Basi.

Mwandimva eti asuweni? Chifukwa inu mumamvera voisi theka nkuyamba kuyankha. Ndikuti apite, akhale mpaka pomaliza, abwere ndi pepala. Osati chithunzi cha pafoni chokha ayi... chabwino, ajambulenso, koma pepala lenilenilo, losainidwa, likhale m'thumba mwake.

Ndipo mukanakhala munthu womva, mukanamutuma kwa amalume Loweruka lino akacheze nawo. Maso awavuta masiku ano koma mutu uli bwinobwino, amuuza zonse, mwina mpaka amubwereka tochi ija. Zanu ndi iwo nzanu, mwana zisamukhudze. Mumutumizireko kangachepe agule juzi ndi chakudya chonyamula, kuti njala isamuchotse pamalo fomu asanalandire. Tumizani kwa mayi ake, osati kwa iye, mukumudziwa ndi mabando. Moni kwa alamu. Batire yatsala pang'ono, tiyankhulana madzulo.