Kodi boma lizilipirira aliyense chipatala? Yankho kwa bambo wodandaula za NHIMA

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chilenje amene amagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina kuno ku Lusaka. Akuti mwezi ndi mwezi pamalipiro awo pamadulidwa msonkho wa PAYE, ndalama za penshoni za NAPSA komanso za NHIMA, bungwe la boma loyendetsa inshuwalansi ya umoyo, koma mwana wawo atadwala chifuwa anangopatsidwa kapepala n'kuuzidwa kuti akagule mankhwala kufamasi ndi ndalama zawo. Ndiye akufunsa ngati n'chilungamo kuti anthu ochepa olembedwa ntchito azisenza matenda a dziko lonse, kuphatikizapo a anthu amene m'mawu awo "sasonkha kalikonse", komanso ngati sikukanakhala bwino kuti boma lichotse dzanja lake pankhani ya chipatala, aliyense azidzionera yekha.

Bambo, dandaulo lanu ndalimva ndipo sindikufuna kulipeputsa, chifukwa munthu amene wadulidwa ndalama asanazigwire n'komwe m'manja ali ndi ufulu wonse wofunsa kumene zikupita. Komabe pa funso lenilenilo yankho langa ndi lakuti inde, boma liyenera kuonetsetsa kuti munthu aliyense m'Zambia muno akulandira chithandizo popanda kuyamba wafunsidwa za m'thumba mwake. Chimene chakupwetekani inu ndi shelefu yopanda mankhwala, ndipo vuto limenelo tisalisakanize ndi mfundo yosonkherana, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Njira imene mukuiganizirayi dziko lino linaiyendapo kale. Titalandira ufulu mu 1964, boma la a Kenneth Kaunda linkapereka chithandizo mwaulere m'zipatala zake, ndipo ndalama za mkuwa zinkakwanitsa zimenezo mpaka pamene mtengo wa mkuwawo unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970. Kuchokera apo zipatala zinayamba kufooka, ngongole za dziko zinakula, ndipo boma la MMD la a Frederick Chiluba litalowa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, odwala anayamba kulipiritsidwa pakhomo la chipatala. Amene tinalipo nthawi imeneyo tikukumbukira mmene bambo wa pakhomo ankagonera masiku anayi ndi malungo akumwa panado wa pakantemba, n'kumayembekeza kuti mwina kukacha apezako bwino. Ndalama zosonkhedwa pakhomopo zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zimafunika poyendetsa chipatala, koma zinali zokwanira kubweza wosauka. N'chifukwa chake mu Epulo 2006 boma la a Levy Mwanawasa, la chipani chomwecho chimene chinabweretsa malipirowo, linawachotsa m'zipatala za kumidzi, ndipo mu 2012, a Michael Sata ali pampando, anachotsedwanso m'makiliniki a m'matauni.

Chithandizo cha kuchipatala sichigulidwa ngati mmene timagulira zinthu zina. Mukapita ku msika wa Soweto n'kupeza tomato atakwera mtengo, mumanenerera, mumapita pa tebulo lina, kapena mumabwerera kunyumba kukaphika ndiwo zopanda tomato. Mayi amene matenda ake a uchembere avuta pakati pa usiku alibe mpata woterowo. Sadziwa mtengo wake pasadakhale, sangathe kuyerekeza zipatala, ndipo sanganene kuti abweranso kumapeto kwa mwezi akalandira. Komanso matenda akuluakulu sabwera mofanana kwa onse, pakuti wina amatha zaka 20 osagonapo m'chipatala pamene mnzake wa msinkhu womwewo impso zake zimafa, n'kumafunika kusefedwa magazi kawiri kapena katatu pa sabata moyo wake wonse. Palibe wantchito wamba amene angasunge ndalama zokwanira tsoka lotero payekha, ngakhale inuyo amene mumadziwa bwino kuwerengera.

Ndikuuzeni za azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, amene ankagulitsa makala m'komboni ina kuno ku Lusaka. Iwo anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri timangoti BP. Mankhwala ake ndi timapiritsi ting'onoting'ono tosakwera mtengo kwenikweni, koma tofunika kumwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Kukiliniki tikakhalapo ankamwa bwinobwino, koma tikasowa ankabwerako ndi kapepala ngati kamene munapatsidwa inu kaja. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, manja ali bii ndi makala, akudula piritsi lililonse pakati ndi lumo kuti mankhwala a masabata awiri akwane mwezi. Ndinawagulira a mwezi umenewo, koma sindinatsatirenso miyezi inayo, ndipo zimenezi zimandiwawabe mpaka lero. Patapita miyezi ingapo anagwa akusamba, mbali imodzi ya thupi n'kufa ziwalo. Anagona m'chipatala masabata atatu, mwana wawo wamkazi anasiya ntchito ya m'nyumba kuti aziwadikirira pambali pa bedi, achibale tinasonkherana pa gulu la WhatsApp, ndipo wina wa ife anakatenga kaloba amene anamuvutitsa chaka chathunthu. Ndalama zimene banja ndi boma linataya pa masabata atatu amenewo zikanagula mapiritsi a zaka zambirimbiri.

Mukaionetsetsa nkhaniyi muona kuti kusonkherana tinasonkherana ndithu, kungoti tinachita mochedwa ndiponso pa mtengo waukulu. Ife anthu a kuno kusonkherana sitichita kuphunzitsidwa. Amayi a pamsika ali ndi chilimba chawo, ndipo pamaliro mbale ikamayenda palibe amene amafunsa ngati malemuyo ankasonkha pamaliro a anzake asanaponyemo kangachepe. Inshuwalansi ya umoyo ya dziko lonse ndi mbale yomweyo, koma yoyendetsedwa munthu akadali moyo, pamene ndalama yochepa ingathe kumupulumutsa.

Pali china chimene chimakukhudzani inu mwachindunji. Kolera amene anayamba mu Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko lino, ambiri a iwo kuno ku Lusaka, mpaka bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa malo ochiritsirako odwala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2024. Ana anu nawonso anakhala pakhomo nthawi imeneyo ngakhale kuti inu mumasonkha mokhulupirika. Mayi amene amakugulitsani ndiwo zamasamba, mnyamata amene amatolera ndalama mu minibasi imene mumakwera, mtsikana amene amalera mwana wanu, onsewa akadwala TB kapena kolera n'kulephera kupita kuchipatala chifukwa chosowa ndalama, matendawo afika pakhomo panu.

Mawu akuti anthu enawo sasonkha kalikonse ndiye sindikugwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Munthu wogulitsa salaula alibe pepala la malipiro, koma akamagula sopo kapena nsapato za mwana m'sitolo amalipira msonkho wa VAT wa 16 peresenti monga inu. Akakwera basi amalipira nawo msonkho wa mafuta a galimoto, ndipo kuyambira mu 2024 akamatumiza ndalama pa foni kwa amayi ake ku Petauke boma limadulapo kenakake. Msonkho wanu umaoneka chifukwa umalembedwa papepala, pamene wake umabisika mu mtengo wa zinthu.

Tsopano ndifike pamene mukunena zoona, ndipo ndi pambiri. Lamulo lokhazikitsa NHIMA linaperekedwa mu 2018, ndipo kudula kunayamba mu Okutobala 2019: wantchito amapereka 1 peresenti ya malipiro ake, bwana wake n'kuwonjezerapo 1 peresenti ina. Tiyerekeze munthu wolandira K6,000 pa mwezi. Iye amadulidwa K60, kampani n'kuikapo K60, zonse pamodzi K120 yoti isamalire iyeyo, mkazi wake ndi ana awo. Ndalama imeneyi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa opaleshoni imodzi kapena wa mankhwala a khansa, ndipo imatoleredwa mosavuta kwa anthu olembedwa ntchito okha, amene ndi kagulu kochepa m'dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni. Anthu odzilemba okha ntchito amaloledwa kulowa, koma mwachibadwa ambiri amakumbukira kulembetsa matenda atawapeza kale, zimene zimachititsa kuti thumba lizitulutsa zambiri kuposa zimene likulandira. Thumba lotere limayamba kuchedwa kulipira zipatala ndi mafamasi, iwonso n'kuyamba kubweza odwala, ndipo amene amapwetekeka ndi munthu ngati inu amene simunaphonyepo mwezi ndi umodzi womwe.

Maganizo anga ndi akuti malipiro a antchito okha sangasenze denga limeneli, ndipo boma liyenera kuthiramo ndalama za misonkho ya onse polipirira osauka, okalamba ndi olumala. Mayiko ena osalemera anachita zimenezi. Ghana itakhazikitsa inshuwalansi yake mu 2003 inaika msonkho wa 2.5 peresenti pa katundu wogulidwa kuti aliyense aziponyamo, ndipo Thailand kuyambira mu 2002 imalipirira anthu ake ambiri kuchokera ku misonkho wamba. Kumbali inayo kuli America, kumene inshuwalansi za makampani ndi zimene zili patsogolo: dzikolo limawononga ndalama zambiri pa munthu mmodzi kuposa dziko lina lililonse, koma anthu mamiliyoni ambiri alibe chitetezo chilichonse akadwala.

Mu Epulo 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa anakumana ku Abuja n'kulonjeza kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma bajeti zathu za zaka zaposachedwapa sizikufika pamenepo. Ngongole zatidya kwambiri, moti mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira ena mwa amene inawakongola. N'zoona kuti kulemba ntchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022 kunathandiza, koma namwino wopanda mankhwala m'kabati angathe kungolemba kapepala. Tazoloweranso kudalira abwenzi akunja, makamaka pa ma ARV amene akhala akuperekedwa mwaulere kuyambira mu 2005. Mu Meyi 2025 kazembe wa America analengeza kuti dziko lake lichotsa madola 50 miliyoni pa chaka pa thandizo la mankhwala, ponena kuti mankhwala operekedwa kuti odwala alandire mwaulere ankapezeka akugulitsidwa m'mafamasi. Nkhani imeneyi inandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ndinakumbukira lumo la azakhali anga lija. Aliyense amene amaikira kumbuyo chithandizo cha boma monga ndikuchitira ine ayenera kukhala woyamba kufuna kuti akuba mankhwala agwidwe ndi kuweruzidwa, kuyambira wotsegula katoni mpaka wosaina mapepala.

Sindikunena kuti boma lingathe kulipirira chilichonse, chifukwa palibe dziko limene limatero. Chofunika n'chakuti linene poyera zimene likulonjeza, monga uchembere, katemera, malungo, TB, BP, shuga ndi ngozi, kenako lizikwaniritsa zimenezo tsiku lililonse ku Kanyama ndi ku Chadiza mofanana. Atsogoleri athu awiri anamwalirira m'zipatala za kunja, a Mwanawasa ku Paris mu 2008 ndi a Sata ku London mu 2014, ndipo ndimakhulupirira kuti chipatala chachikulu cha UTH kuno ku Lusaka ndi chipatala cha khansa chimene chili pambali pake zikanakonzedwa msanga akuluakulu a boma akanamachiritsidwa kumene ife timachiritsidwa.

Pa za mwana wanu, bambo, yambani mwatsimikiza kuti iye ndi amayi ake analembetsedwa pansi pa dzina lanu ku NHIMA, chifukwa kudulidwa ndalama pakokha sikutanthauza kuti onse a pakhomo alimo. Mukapatsidwanso kapepala, funsani ngati mankhwalawo ali pa mndandanda wa amene inshuwalansi imalipira ndiponso famasi yovomerezeka imene mungakawatengeko musanatulutse ndalama zanu. Zikakanika, sungani kapepalako pamodzi ndi lisiti, lembani tsiku ndi dzina la mankhwala amene anasowa, ndipo mutumize kalata ku NHIMA, ina kwa phungu wa dera lanu, yofunsa kuti mankhwalawo akhala akusowa kwa masiku angati komanso chifukwa chake. Ndikufunira mwanayo kuchira msanga, ndipo mukalandira yankho la kalatayo munditumizire kuti ndidzaliike pano ena aliwerenge.