Chithokomiro chofooka: kodi ma antioxidant angalowe m'malo mwa mankhwala akuchipatala?

Mayi wina wandilembera kuti kuchipatala anawapeza ndi vuto la chithokomiro chosatulutsa mahomoni okwanira, ndipo akumwa levothyroxine, mapilisi olowa m'malo mwa mahomoni osowawo. Mnzawo wogulitsa mabotolo a ma antioxidant (zinthu zoteteza maselo a thupi kuti asawonongeke) akuwauza kuti gwero la vutoli ndi oxidative stress, ndiye asiye mapilisi akuchipatala. Akufunsa ngati zili zoona.

Mayi, mankhwalawo musasiye ayi. Komabe mnzanuyo sananame zonse.

Popanga mahomoni a T4 ndi T3, chithokomiro chimagwiritsa ntchito ayodini ndi hydrogen peroxide. Peroxide wotsalira amadya maselo monga dzimbiri limadyera malata, ndipo kuwonongeka kotereku kukaposa mphamvu za thupi zodzitetezera, ndiye oxidative stress akunenayo. Mmodzi mwa alonda a thupi ndi puloteni wotchedwa glutathione peroxidase, amene sagwira ntchito popanda selenium, mchere umene timaupeza m'zakudya. Selenium yemweyo amathandizanso kusandutsa T4 kukhala T3, homoni imene imayendetsa thupi kwenikweni. Mahomoni akachepa, mafuta oipa otchedwa LDL amachuluka m'magazi ndipo amawonongeka msanga ndi oxidative stress, zimene si zabwino kwa mtima.

Tsono onani apa: chimene chikusowa m'thupi mwanu ndi mahomoni, ndipo m'botolo lija mulibe. Mukasiya levothyroxine, kufooka, kuzizidwa ndi kunenepa kuja zibwerera.

Nkhani ya selenium ikutikhudzadi kwathu kuno, chifukwa chimanga cholimidwa m'madera ambiri a Malawi chimakhala ndi selenium wochepa kwambiri malinga ndi nthaka yake. Koma munthu wamkulu amangofunika ma microgram 55 patsiku, ndipo usipa, matemba ndi mazira zimathandiza pa mtengo wotsika kuposa botolo. Mukamapyola ma microgram 400 tsiku ndi tsiku, tsitsi limathothoka, zikhadabo zimathetheka, m'kamwa mumanunkha ngati adyo. Ogulitsa sakonda kutchula zimenezi.

Chimene ine chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa mabotolo osakaniza mavitaminiwa amakhalanso ndi ayironi kapena kashiamu, zimene zimalepheretsa levothyroxine kulowa bwino m'magazi. Imwani mapilisi anu m'mawa ndi madzi okha, papite mphindi 30 mpaka 60 musanadye kapena kumwa khofi, ndipo ayironi ndi kashiamu azidikira maola 4.

Ngati mukumvabe kufooka, pemphani akuyezeninso TSH (homoni ya m'magazi yosonyeza ngati mahomoni a chithokomiro akukwana), mwina mlingo wa mankhwala ukufunika kusinthidwa. Popita, tengani botolo la mnzanulo kuti adokotala akawerenge zimene zalembedwa kumbuyo kwake.