Kwa achemwali ofunsa za letesi wa adona

Achemwali, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani adona anu Achiyuda amatenga letesi woti mwatsuka kale n'kumamuunikanso tsamba ndi tsamba pawindo, komanso chifukwa chimene anakanira broccoli wa mufiriza amene munagula. Khazikani mtima pansi, sakukuyesani auve. Ine ndagwira ntchito m'khitchini ya banja lotere ku Glenhazel kuno ku Johannesburg kwa zaka zambiri, ndipo sabata yoyamba nanenso ndinatsala pang'ono kulongedza zikwama.

Nkhani yake ili m'Baibulo lomweli. Tsegulani Levitiko 11 chakumapeto, muona kuti zokwawa pansi siziyenera kudyedwa. Ife timawerenga n'kupitirira, koma iwo amatsatira mpaka pa kansabwe ka pa tsamba. Tsono pali mfundo ina imene inanditengera nthawi kuimvetsa. Pa malamulo awo a kosher, onena za zakudya zololedwa kwa Ayuda, kadontho ka chinthu choletsedwa kakagwera mumphika mwangozi, kawirikawiri chakudyacho chimadyedwabe ngati chikuposa kadonthoko maulendo 60. Kachilombo kathunthu sikalowa m'masamu amenewo. Kachepe bwanji, bola kakuoneka ndi maso, sikaloledwa. Tooneka ndi makina okha ndiye sakuwerengera.

Ndiye kutsuka kwathu kuja, kongochotsa dothi, sikukwanira. Tizilomboto timakakamira m'makwinya a tsamba, madzi okha satichotsa. Mmene anandiphunzitsira ine: thothola masamba onse limodzilimodzi, uwaviike m'beseni la madzi othira sopo pang'ono wotsukira mbale kwa mphindi zingapo, uvundule ndi dzanja, kenako tsamba lililonse ulitsukuluze pampopi mbali zonse ziwiri. Sopoyo ndi woti tiziterereka. Ukatero ndiye kuunika, pawindo kapena pa kabokosi koyaka nyali mkati.

Tsiku limene ndinasiya kung'ung'udza, adona anayala kansalu koyera m'sefa, n'kuthirapo madzi amene ndinatsukira parsley. Anakaika pa kabokosi kaja n'kundiitana. Panali timadontho titatu ngati tizidutswa ta ulusi. Ndikuyang'anitsitsa choncho, kamodzi kanayamba kuyenda. Parsley woti ine ndikanalumbira kuti ndi woyera! Pa letesi ndi kabichi mudzapeza kwambiri timeneti ndi nsabwe zobiriwira zofanana ndi tsamba lomwe. Pa sipinachi muziyang'ananso timizere toyera tokhotakhota, chifukwa pamenepo mphutsi yalowa mkati mwa tsamba ndipo kutsuka sikuthandiza, mumangodula n'kutaya.

Karoti, mbatatesi, tomato, nkhaka, zimenezi n'zosavuta, kutsuka basi. Kabichi amachotsa masamba akunja. Anyezi wamasamba amamung'amba m'litali kuti aone mkati. Strawberry amadula kumutu kobiriwira kuja asanaviike. Raspberry mabanja ambiri sagula n'komwe.

Za mufiriza tsopano. Ayezi amapha kachilombo koma sakachotsa, ndipo kakufa n'koletsedwa chimodzimodzi ndi kamoyo. Choipa china, broccoli kapena kolifulawa akasungunuka amafewa, moti kufufuza m'timaluwa take n'kungodzivuta. N'chifukwa chake amafuna paketi yokhala ndi chizindikiro cha kosher, kuno nthawi zambiri cha Beth Din, khoti la chipembedzo cha Chiyuda, kusonyeza kuti anthu awo anayang'anira. Mukatumidwa kushopu, jambulani paketiyo muwatumizire pa WhatsApp musanalipire, mudzapulumutsa ndalama ya thiransipoti yobwereranso. Ku Israel anafika polima masamba m'mashedi otchingidwa ndi maneti kuti tizilombo tisalowe, ntchito imene inatchuka ndi alimi a ku Gush Katif, midzi ya Ayuda imene inali ku Gaza, ndipo ngakhale masamba amenewo amalembapo kuti muwatsuke.

Nyemba ndi mpunga ndiye ife ndife akatswiri, tinakula tikusankha anankafumbwe palichero. Pamenepo adona anga ankandigomera. Tsiku lina ndinawafotokozera za ngumbi zokazinga za nthawi ya mvula kwathu, anangogwira pakamwa. Koma mwamuna wawo anandiuza kuti chaputala chomwe chija cha Levitiko 11 chimalola mitundu inayi ya dzombe, ndipo Ayuda ena ochokera ku Yemen ankadya ndithu. Enawa anasiya chifukwa sadziwanso bwinobwino kuti mitunduyo ndi iti.

Chimene chikukupwetekani mtima, choti amabwerezanso ntchito yanu, mwina sichidzatha ngakhale mutakhala katswiri. M'mabanja ambiri osunga malamulowa, kuunika komaliza amafuna achite Myuda amene lamulolo likumukhudza. Inu mumatsuka, iwo amaona. Mabanja amasiyananso kukhwimitsa kwake malinga ndi rabbi wawo, mtsogoleri wa chipembedzo chawo, ndiye zimene ndalembazi musakazichite mwa inu nokha, afunseni akusonyezeni njira ya pakhomopo. Lachisanu muziyamba masamba m'mawa, chifukwa dzuwa likangolowa Sabata yayamba, ndipo kachilombo kakapezeka nthawi imeneyo saloledwa ngakhale kukapha.